Fungo la wonga: masiku 5 m'mabwalo a nkhondo a ku KwaZulu-Natal

LOLEMBA, DUNDEE

Tafika ku Dundee dzuwa litapendeka, tinanyamuka ku Johannesburg kusanache bwino. M'kaminibasi tilimo 17: ophunzira 14, ine, mphunzitsi mnzanga wamkazi ndi dalaivala. Ophunzirawa ndi anyamata ndi atsikana a zaka zapakati pa 19 ndi 23, akuchita maphunziro a uphunzitsi pa koleji yomwe ndimagwirapo ntchito. Chaka chamawa ambiri a iwo adzakhala ataima kutsogolo kwa kalasi, choko kumanja, akuphunzitsa mbiri yakale. Abale a ku Mchinji ndi anzanga ena munandiuza kuti ndizilemba usiku uliwonse, ndiye ndayamba.

Ulendowu unabadwira pa mapepala a mayeso. Chaka ndi chaka ndimawerenga chiganizo chimodzimodzi: Azungu anagonjetsa Aafirika chifukwa anali ndi zida zamphamvu. Ndimachonga, ndimapereka malikisi, poti si bodza. Koma ndikafunsa m'kalasi kuti mphamvuyo inali pati kwenikweni, mfuti ikalira kamodzi inkatenga nthawi yaitali bwanji kuti ilirenso, inkalemera bwanji, msilikali ankaona chiyani kutsogolo kwake ikangolira, kalasi yonse imangoti zii. Ndikawonjezera kuti nanga bwanji pa Isandlwana Azulu a mikondo anapululutsa asilikali a Angerezi a mfuti zamakono za nthawi imeneyo, mayankho amathera m'malere. Munthu angaphunzitse bwanji ana a eni chinthu chomwe iye mwini amangochidziwa dzina?

Ndiye ndinapempha mkulu wina wa famu pafupi ndi tauni ino, yemwe amasunga mfuti zakale ndipo ali ndi ziphaso zake komanso malo ovomerezeka owomberapo, kuti ophunzira anga azigwire ndi manja awo, ofuna awombeko. Malamulo a dziko lino la South Africa amalola munthu kuwomba mfuti ya mwini wake ngati mwini wakeyo, wokhala ndi chiphaso, waima pomwepo akuyang'anira.

Mnzangayu sanagwirizane nazo msanga, ndipo sindinganene kuti analakwa. Anandiuza kuti, "Bhuti, ana awa akulira mu mzinda momwe kulira kwa mfuti usiku sikudzutsanso munthu. Mukufuna akaikonde?" Tinakambirana milungu iwiri. Tinamanga mfundo zitatu: palibe wokakamizidwa, palibe kudzijambula atanyamula mfuti ngati chidole, ndipo mfuti iliyonse yomwe tigwire, tsiku lomwelo kapena lotsatira tikaponde pamalo pomwe mfuti ya mtundu umenewo inagwetsa anthu. Mfundo yachitatuyi ndi yake, ndipo ndi yomwe inachititsa kuti akwere nawo minibasi.

Titadutsa Volksrust tinaima pang'ono m'mbali mwa msewu kuyang'ana phiri la Majuba, pomwe Maburu, Azungu a kuno a mbewu ya Adatchi, anagonjetsa Angerezi pa 27 Febuluwale 1881 n'kupha mkulu wawo wa nkhondo, George Colley. Pofika kuno nyumba ya zinthu zakale ya Talana inali itatsala pang'ono kutseka, tangozungulira manda a asilikali omwe anafa pa nkhondo ya Maburu ndi Angerezi pa 20 Okutobala 1899. Kunja kukuwaza. Ana ali m'zipinda, ena akuimba.

LACHIWIRI, NCOME

Mtsinje umodzi, mayina awiri, nyumba zachikumbutso ziwiri. Tsidya lina kuli ngolo 64 zachitsulo zoima mozungulira monga momwe Maburu a Andries Pretorius anamangira linga lawo pa 16 Disembala 1838, ndipo kumeneko mtsinjewu amautcha Blood River. Tsidya linalo kuli nyumba ya Ncome, yomangidwa mokhota ngati nyanga za njati, khoma lake lili ndi zishango za magulu a nkhondo a Dingane, mfumu ya Azulu. Pakati pali mlatho wapansi. Tinaoloka ndi miyendo.

Ziwerengero zake ndi zomwe zimasowetsa ophunzira mtendere. M'lingamo munali Maburu osapitirira 500, pamodzi ndi antchito awo akuda omwe mabuku ambiri amangowalumpha. Kunja kunali Azulu oposa 10,000 otsogozedwa ndi Ndlela kaSompisi. Dzuwa lisanafike pamutu Azulu pafupifupi 3,000 anali atagona, pomwe m'lingamo anavulala anali atatu okha. Mnyamata wina wa ku Tembisa anafunsa mkulu wotionetsa malo kuti, "Baba, ndi mfuti zodzazira kukamwa basi?" Mkuluyo anangoti tikafunsenso madzulo titazigwira.

Masana tinapita ku famu kuja. Mwini wake ndi bambo wachikulire wa ndevu zoyera, ana onse akumutchula kuti Oom. Asanatsegule bokosi lililonse anatikhazika pa mabenchi pafupifupi ola lathunthu. Kukamwa kwa mfuti kusaloze munthu ngakhale kamodzi. Chala chisakhale pokhethemulira mpaka iye atanena. Mfuti iliyonse muziyesa yodzaza, ngakhale mwaiona ndi maso anu kuti ilibe kanthu. Aliyense anavala zotseka m'makutu ndi magalasi. Mmodzimmodzi, iye ali paphewa.

Atatulutsa mfuti yoyamba thupi langa linachita tsemwe. Agogo anga aamuna anali ndi gogodera ku Mchinji, yopachikidwa pamwamba pa chitseko, yomwe ankathamangitsira nguluwe m'munda wa chimanga. Ife ana sitinkaloledwa ngakhale kuiloza ndi chala. Lero, ndili ndi imvi zanga, ndi pomwe ndaona ndi maso chomwe dzina loti gogodera limanena.

Umaimika mfuti pansi, kukamwa kuli m'mwamba, kutali ndi nkhope. Umayeza wonga m'kachibekete, n'kuthira m'paipi. Umaika kansalu pakamwa, pamwamba pake mpira wa mtovu waukulu ngati nthudza yokhwima, kenaka umasolola kandodo kokhala pansi pa paipi n'kuyamba kukankha ndi kugogoda mpaka mpirawo utakhala pa wonga. Ukatero umabweza kandodo m'malo mwake, umatsegula kambale kakang'ono m'mbali mwa mfuti, umathiramo wonga wina wosalala pang'ono chabe, umatseka, umakokera m'mbuyo kachitsulo kogwira mwala. Ukakhethemula, mwala umakhula chitsulo, moto umathetheka, wonga wa m'kambale umayaka, motowo n'kulowa pa kabowo kupita m'kati. Pakati pa kuthwanima kwa pafupi ndi diso lako ndi kulira kwa mfuti pamadutsa kamphindi, ndipo m'kamphindi kameneko manja a munthu wosazolowera amakhala atagwedezeka kale.

Woyamba kuyesa anatenga mphindi imodzi ndi masekondi 50. Wachiwiri anaiwala wonga wa m'kambale, mfuti inangoti khethe. Wachitatu kambale kanayaka koma mfuti osalira, Oom n'kumuuza kuti akhalebe chilozere ku mulu wa mchenga, asasunthe, awerenge mpaka 30. Msilikali wophunzitsidwa bwino wa masiku amenewo ankatha kuwomba katatu pa mphindi. Ana anga atamva zimenezi anayang'anizana.

Ndiye utsi. Palibe buku lomwe linandikonzekeretsa. Mfuti imodzi yokha, kutsogolo konse kuli mbuu, chandamale osaoneka, fungo ngati la mazira oola chifukwa cha sulufule. Manja onse bii. Titawomba kasanu paipi inali itada m'kati moti mpira unkavuta kulowa.

Apa mnyamata wa ku Tembisa uja anadziyankha yekha funso lake. Anati mfuti imeneyi payokha, pabwalo loyera, singaimitse munthu wothamanga ndi mkondo. Chomwe chinapha anthu pa Ncome ndi ngolo zomangidwa pamodzi, mtsinje mbali imodzi, chigwembe chakuya mbali ina, mizinga, ndi munthu mmodzi kukhala ndi mfuti ziwiri kapena zitatu zodzaziratu. Oom anawonjezera kuti Maburu ankathiramo timatumba ta zipolopolo zing'onozing'ono tomwe tinkamwazika pa gulu la anthu, ndiponso kuti nkhungu ya m'mawa umenewo ikanachedwa kuchoka wonga ukanachita chinyezi. Zonsezi ndakhala ndikuzinena pa bolodi. Lero zatuluka pakamwa pa mwana manja ake ali akuda.

Mtsikana mmodzi sanagwire. Anandiuza chapansipansi kuti, "Meneer, ine ayi." Mchimwene wake anawomberedwa zaka zitatu zapitazo pobwera ku ntchito, chifukwa cha foni. Ndinamuuza kuti akhoza kukhala m'minibasi, koma anakana. Anatenga kope ndi wotchi, n'kukhala kumbuyo, ndipo nthawi zonse zomwe ndalemba pamwambazi analemba ndi iyeyo. Mfuti ikalira mapewa ake ankadzidzimuka, koma cholembera sichinaime.

LACHITATU, ISANDLWANA

Ndatopa, phewa lakumanja likuwawa, koma lero sindingagone ndisanalembe.

M'mawa tinabwerera ku famu kukakumana ndi Martini-Henry. Iyi si yongofanizira ayi, ndi yeniyeni, ili ndi zidindo za boma la Britain pa chitsulo chake. Asilikali a Angerezi anayamba kuilandira m'zaka za m'ma 1870, itavomerezedwa mu 1871. Dzina lake ndi la anthu awiri, Friedrich von Martini wa ku Switzerland yemwe anakonza potsekera pake, ndi Alexander Henry wa ku Scotland yemwe anakonza mizere ya m'kati mwa paipi yozunguza chipolopolo kuti chiziyenda molunjika. Imalemera pafupifupi makilogalamu 4. Ukaimika pansi imafika pachifuwa, ndipo akamangirira mpeni wake wautali kunsonga imaposa mkondo wa Mzulu kutalika.

Pambuyo pa gogodera wa dzulo, iyi inaoneka ngati matsenga. Umatsitsa kachitsulo ka pansi, kumbuyo kwa paipi kumatseguka, umalowetsa chipolopolo chimodzi ndi chala, umakweza kachitsulo kaja, basi yakonzeka. Ukawomba n'kutsitsanso, chikhokhombe chimadumpha chokha. Mtsikana wa wotchi uja anawerenga masekondi 9 kwa munthu woigwira koyamba. Zaka 40 zokha kuchokera pa Ncome. Msilikali wozolowera ankatha kufika pa zipolopolo 10 kapena 12 pa mphindi, ndipo ankatha kudzaza atagwada kapena atagona, zomwe mfuti yodzazira kukamwa sinkalola bwino.

Koma imamenya. Mnyamata wamkulu thupi kuposa onse anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, maso ali tong'o. Wonga wake ndi wakuda womwe uja, utsi womwe uja, ndipo titawomba khumi motsatizana Oom anatiuza kuti tiyandikitse dzanja pa paipi osakhudza. Inali ngati mbaula. Anationetsanso chipolopolo chakale cha nthawi ya nkhondoyo: chikhokhombe chake ndi mkuwa wopyapyala wokulungidwa ngati pepala, wotifuka ndi chala. Mfuti ikatentha n'kuda m'kati, chinkatha kukanirira, msilikali n'kumachikolokosa ndi mpeni adani akubwera.

Nanenso ndinawomba, katatu. Ndinene zoona pano popeza ndinawauza ana kuti azinena zoona: chitsulo cha chandamale chitalira kuti ngwee pa mtunda wa mamita 100, mtima wanga unakondwa. Chimwemwe chenicheni, chobwera chokha ndisanaganize. Ndinayang'ana mnzanga uja, iye anali akundiyang'ana kale. Chomwe ankaopa si nkhambakamwa, chili m'thupi mwa munthu aliyense, ndipo mphunzitsi wobweretsa mfuti pamaso pa ana osachidziwa chimenechi akusewera ndi moto.

Titamaliza, mfuti zitatsekeredwa, Oom anatitengera ku mulu wa mchenga n'kufukula chipolopolo chimodzi. Mtovu wa magalamu 31, polowa unali wosongoka bwino ngati chala, potuluka mumchenga unali utaphwasuka ngati bowa. Unayenda m'manja mwa aliyense. Utafika kwa mtsikana uja ndinkati aupatsira mnzake msanga, koma anaugwira nthawi yaitali, akuutembenuza. Anafunsa kuti, "Oom, chikalowa mwa munthu chimateronso?" Mkuluyo anati inde, chikakumana ndi fupa chimaposa pamenepo. Palibe anayankhulanso mpaka ku minibasi.

Phiri la Isandlwana umayamba kuliona uli kutali, lili lokhalokha, ngati chilombo chogona chitadzutsa mutu. Pansi pake, m'udzu wobiriwira, muli milu ya miyala yopakidwa laimu. Poyamba umaona isanu, khumi, kenaka diso likazolowera umaona kuti yamwazikana chigwa chonse mpaka kutsikira ku mtsinje. Mulu uliwonse ndi mafupa a anthu angapo.

Wotitsogolera ndi bambo wa m'mudzi wapafupi, tonse tikumutchula kuti Baba, makolo ake anamenya nawo nkhondoyi. Anafotokoza ataima, ndodo kumanja. Mu Disembala 1878 Bartle Frere, nthumwi yaikulu ya boma la Britain kuno, anatumizira Cetshwayo, mfumu ya Azulu, zofuna zomwe ankadziwa kuti mfumu iliyonse singavomere, kuphatikizapo kuthetsa magulu ake a nkhondo. Pa 11 Januwale 1879 Lord Chelmsford, mkulu wa asilikali a Angerezi, anaoloka mtsinje wa Mzinyathi kulowa m'dziko la Azulu. Anamanga misasa pansi pa phirili osakumba ngalande, osamanga linga la ngolo. M'mawa wa pa 22 Januwale anatenga pafupifupi theka la asilikali kupita kukasaka Azulu kum'mawa, pomwe impi, gulu la nkhondo la Azulu, ya anthu pafupifupi 20,000, pansi pa Ntshingwayo kaMahole, inali itakhala chete m'chigwa cha Ngwebeni, makilomita ochepa kuchokera pa msasa. Pofika madzulo, mwa anthu pafupifupi 1,700 otsala pa msasapo, oposa 1,300 anali atafa. Oposa 400 mwa iwo anali Aafirika omenyera mbali ya Angerezi, ambiri opatsidwa kansalu kofiira komanga kumutu ndi mfuti imodzi pa anthu khumi.

Kenaka tinachita chomwe mnzanga uja anakonza. Baba anabweretsa chishango cha chikopa cha ng'ombe ndi iklwa, mkondo waufupi wobayira uja, mutu wake utakulungidwa. Tinayeza mapazi okwana mamita 300 kuchokera pomwe mzere wa asilikali unaima kukafika ku zigwembe komwe Azulu anagona pansi zipolopolo zitawapanikiza. Anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi anathamanga mtunda umenewo mosinthana, chishango kumanzere, mkondo kumanja, m'miyala ndi m'udzu wofika m'mawondo. Wachangu kwambiri anatenga mphindi imodzi ndi masekondi 25, ndipo anafika akupumira m'mwamba. Ife tinaima pa mzere tikumuona akubwera. Wina anayamba masamu mokweza: asilikali 80 pagulu, aliyense zipolopolo 10 pa mphindi. Baba anamudula, anati akuluakulu ankalamula kuwomba pamodzi, modekha, kudikira utsi uchoke, ndiye chiwerengerocho chitsitseni. Ngakhale utachidula pakati, ndi mazana a zidutswa za mtovu wonga uja tinaugwira m'mawa, pa anthu otchinga ndi chikopa.

Ndipo anadzuka. Anagona m'zigwembe, anzawo akuphwasuka pambali pawo, kenaka induna ina, Mkhosana kaMvundlana, inatsika kuchokera kumtunda n'kuyenda choimirira pakati pawo ikuwakumbutsa mawu a mfumu. Inawomberedwa pomwepo, koma anthu anadzuka. Nthawi yomweyo okwera pa akavalo a Anthony Durnford, a mbali ya Angerezi, zipolopolo zitawachepera, anasiya chigwembe chomwe ankatchinga kumanja, mzere wotalika kale uja unatseguka, nyanga imodzi ya impi, yomwe inkazinga adani mbali ziwiri ngati nyanga za njati, inali itazungulira kuseri kwa phiri. Nkhani yakale yoti mabokosi a zipolopolo anakanika kutseguka Baba saikhulupirira. Ofukula pansi anapeza misomali yake yopindika kutsogolo komwe kunali mzere, kusonyeza kuti asilikali ankangomenya chivundikiro ndi thako la mfuti, bokosi n'kutseguka. Nkhani imeneyo, anatero, inakoma kwa anthu omwe sankafuna kuvomera kuti anapusitsidwa ndi kugonjetsedwa ndi akatswiri a nkhondo akuda.

Azulu omwe anafa tsiku limenelo ndi osachepera 1,000, ndipo ambiri ovulala anakafera m'njira ndi kumidzi. Iwo alibe milu yoyera. Chikumbutso chawo, mkanda waukulu wachitsulo wofanana ndi womwe ankavala ngwazi, chinaikidwa mu 1999.

Baba atanena kuti masana a tsiku limenelo kunachita kadamsana, dzuwa linadetsedwa mbali imodzi nkhondo ili pakati, ndinakhala pansi pa mwala. Kwathu timauzidwa kuti makolo athu Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi dzuwa litada masana, mu Novembala 1835, atachoka m'dziko lomwe lino. Chishango chomwe mwana ankathamanga nacho lero ndi chomwe amalume anga amavina nacho ingoma. Ndipo mu Januwale 1898 anthu a Mpezeni anaima ndi zishango zomwezo pamaso pa mfuti za chiwaya zochokera ku Nyasaland, mwana wake Nsingo n'kuphedwa ndi Angerezi mwezi wotsatira. Boma la kwathu ku Mchinji linkatchedwa Fort Manning, dzina la mmodzi wa akuluakulu a asilikali amenewo. Ndinawauza ana zimenezi, kwa nthawi yoyamba. Baba anandigwira dzanja ndi manja awiri, anati ndiye kuti ndabwera kwathu.

LACHINAYI, RORKE'S DRIFT

Mvula kuyambira usiku. Tafika ku Rorke's Drift, komwe eni dera amati KwaJimu, titanyowa.

Malowa ndi aang'ono modabwitsa. Miyala yoyalidwa pansi ikusonyeza pomwe panali khoma la matumba a chimanga ndi mabokosi a mabisiketi, ndipo ana analizungulira lonse m'mphindi ziwiri. M'menemo anthu pafupifupi 150 anatchinga Azulu 3,000 kapena 4,000 a Dabulamanzi kaMpande kuyambira madzulo a tsiku lomwelo la Isandlwana mpaka m'bandakucha. Mwa otchingawo anafa 17. Angerezi anapereka mamendulo 11 a Victoria Cross, mendulo yawo yapamwamba kwambiri ya ungwazi, ndipo dziko lawo linaphunzitsidwa kukumbukira usiku umenewu kuposa masana ake.

Sindinafunikire kuphunzitsa. Mfuti yomweyo, asilikali a gulu lomwelo la 24th Regiment, tsiku lomwelo. Ana okha anayamba kuloza: apa pali khoma, apa bokosi la zipolopolo lili pa mapazi asanu, apa palibe nyanga yozungulira kumbuyo. Mtsikana wa wotchi anatsegula kope lake n'kuwerenga kuti pa zipolopolo pafupifupi 20,000 zomwe zinali pamalopo, m'mawa zinatsala ngati 900, pomwe mitembo ya Azulu yomwe inawerengedwa pafupi ndi khoma inali 351. Anafunsa kuti zinazo zinapita kuti. Mnyamata yemwe phewa lake latupa anayankha kuti mu mdima, mu utsi, paipi ikuotcha, phewa litafa dzanzi, iye sakanalasa ngakhale nyumba.

Azulu nawonso anali ndi mfuti, zambiri ndithu, zogula kwa amalonda, koma zakale zodzazira kukamwa ndi wonga wosalongosoka. Ena anakwera phiri la Shiyane kuseri kwa nyumbazi n'kumawombera pansi. Ana atamva zimenezi sanafunse kuti n'chifukwa chiyani sizinathandize kwambiri. Lachiwiri likadali m'zikhadabo zawo.

Masana sitinawombe chifukwa cha mvula. Tinakhala m'shedi ya Oom, malata akulira, iye n'kutulutsa Mauser ya Maburu ya 1895 ndi mfuti ya Lee ya Angerezi, ndi zipolopolo zopanda wonga zophunzirira. Ya Angerezi imasunga 10 koma umalowetsa chimodzichimodzi. Mauser imasunga 5, koma zisanuzo zimabwera zitagwirana pa kachitsulo, umangokankha ndi chala chachikulu kamodzi zonse zalowa. Tinapikisanitsa awiri. Wa Mauser anamaliza mnzake ali pa chachitatu.

Potsanzikana, mtsikana uja anapita yekha kwa mkuluyo. "Oom, mungandipatse chipolopolo chophwasuka chija?" Anamufunsa kuti achitenji nacho. Anati m'kalasi mwake simudzalowa mfuti, koma ichi chidzalowa, ana adzachigwira, kenaka adzawatulutsa pabwalo la mpira kuti athamange mamita 300. Oom analowa m'nyumba, anabwera nacho atachikulunga m'kansalu, n'kumuuza kuti ana akachigwira azisamba m'manja chifukwa mtovu ndi poizoni.

Usiku kunabuka mkangano pa chakudya. Ena akuti kuwomba kunali kofunika, ena akuti kugwira ndi kudzaza kukanakwana. Mnzanga uja ali mbali yachiwiriyo mpaka pano. Ine ndikuti utsi ndi kumenya kwa paphewa sizikanadziwika mwa njira ina, koma ndavomera kuti chaka chamawa aliyense adzawomba kamodzi kokha pa mfuti iliyonse. Kachiwiri ndi kachitatu kaja sindinaphunzirepo kanthu katsopano, ndinkangofuna kumvanso chitsulo chikulira.

LACHISANU, SPIOENKOP MPAKA JOHANNESBURG

Tinadzuka usiku, tinadutsa Ladysmith, pofika 9 koloko tinali pamwamba pa Spioenkop, mtsinje wa Thukela ukuoneka pansi. Kwayera lero, mphepo yokha.

Usiku wa pa 23 Januwale 1900 Angerezi anakwera phirili mu mdima ndi nkhungu, nakumba ngalande pomwe ankayesa kuti ndi pamwamba penipeni. Nthaka yake ndi miyala, ngalandeyo sinafike ngakhale m'chiuno. Nkhungu itachoka m'mawa wa pa 24 anapezeka ali poyera, Maburu a Louis Botha ali pa timapiri tozungulira ndi ma Mauser ndi mizinga. Angerezi oposa 240 anafa pa kamalo kosaposa mabwalo ochepa a mpira, ndipo ngalande yomwe anakumba ija ndi yomwe anaikidwamo. Lero ndi mzere wautali wa miyala yoyera. Mohandas Gandhi anali m'gulu la Amwenye onyamula ovulala, Winston Churchill anakwera phirili ngati mtolankhani ndi msilikali.

Ndinawauza ana kuti agone pansi m'mbali mwa mandawo, ayang'ane ku timapiri tija, andiuze komwe mdani ali. Anayang'ana, anayang'ana. Mnyamata wa ku Tembisa ndi yemwe anayamba: "Meneer, palibe utsi." Wonga wa Mauser sunkafuka. Pa Ncome ndi pa Isandlwana munthu ankaona komwe imfa ikuchokera, mtambo woyera unkamuuza. Pano anthu ankagwa osaona kanthu, miyala yokhayokha ndi udzu. Angerezi atatuluka m'nkhondo imeneyi anasintha mfuti yawo, anaifupikitsa n'kuipatsa kachitsulo kolowetsera zisanu nthawi imodzi, ndipo imeneyo ndi 303 yomwe asilikali a King's African Rifles a kwathu anadzanyamula m'nkhondo za Azungu.

Mnzanga uja anakumbutsa ana kuti m'nkhondo imeneyi amayi ndi ana a Maburu oposa 26,000 anafera m'misasa yotsekeredwamo, ndi anthu akuda zikwi zambiri m'misasa yawo, opanda chipolopolo chowakhudza. Anati aliyense alembe zimenezi m'kope asanatsike phiri. Analemba ataima, mapepala akuuluzika.

Panjira, tikukwera Van Reenen, ana onse ali m'tulo, ndinaimbira amayi ku Mchinji. Ndinawafunsa za gogodera ya agogo. Anaseka kaye, anati wayamba liti kufunsa za zimenezo. Akuti ili kwa amalume, thabwa lake linadyedwa ndi chiswe kalekale, yatsala paipi ndi kachitsulo kokhethemulira, amatsekera khola la nkhumba. Kenaka anayamba okha kusimba zomwe agogo awo ankanena, za chaka chomwe asilikali anabwera n'kukusa ng'ombe zonse za Angoni, anthu n'kuthawira m'mapiri. Sindinamvepo amayi akunena zimenezi. Netiweki inaduka pakati pa nkhani, ndinaimbanso titafika ku Harrismith. Ndawapempha kuti auze amalume asagulitse paipiyo kwa anyamata ogula zitsulo, komanso kuti nkhani ija asaiwale pomwe analekezera, ndikubwera ndi kope mu Disembala.